Anatiphunzitsira Yani? Mbiri ya Sukulu ndi Ntchito Panjira ya ku Joni

Amayi anzanga, aliyense amene anagwirapo buku la ngongole m'gulu lathu akudziwa kuti Januwale akafika, ndalama zambiri zimatuluka pa chifukwa chimodzi: fizi. Mpamba wa geni umabwera pambuyo. Kale tinkalipirira yunifomu ndi makope, koma ambiri mwa ife ana akula ndipo funso lasintha. Mwana wamaliza Fomu 4 ku Ntcheu, kapena Grade 12 ku Chipata, kapena matric konkuno ku Joni. Akachite kosi yanji kuti apeze ntchito? Akuluakulu a boma m'maiko athu onse ali ndi yankho limodzi lomwe amalibwereza pa wailesi, loti maphunziro azigwirizana ndi zomwe olemba ntchito akufuna. Mawuwo ndi omveka ndipo sindikuwakana onse. Koma si atsopano. Ananenedwa agogo athu asanabadwe, ndipo njira yomwe timayenda ndi katundu, kuchoka pa Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, inapondedwa kale ndi anthu omwe anaphunzitsidwa motsata zofuna za bwana. M'kabuku ka chikondwerero chathu kano ndati ndifotokoze momwe zinawathera, poti ndalama zomwe timaponya mu bokosi zikulowera nkhani yomweyo.

Tiyambire ku Khondowe, pamwamba pa phiri ku Rumphi. Mu 1894 Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia anatsegula kumeneko sukulu yotchedwa Overtoun Institution. Anatengera chitsanzo cha Lovedale, sukulu ya mishoni ya ku Eastern Cape, choncho ubale wa maphunziro a kwathu ndi dziko lino ndi wakale kuposa momwe timaganizira. Ku Khondowe mnyamata ankatha kuphunzira uphunzitsi, ubusa, zachipatala, ukalipentala, zomangamanga, kusindikiza mabuku, kulemba mabuku a ndalama, ngakhale kutumiza uthenga pa telegalafu. Kalasi ya telegalafu ija inali ndi bwana woiyembekezera, kampani ya Cecil Rhodes yomwe inkakoka waya kuchokera kummwera kudutsa m'mbali mwa nyanja kulowera ku Tanganyika. Masitolo a Mandala nawo ankafuna makalaliki. Zoti sukulu izimvera olemba ntchito, a Laws anazichita kalekale.

Vuto linali lakuti Nyasaland inalibe ntchito zokwanira anthu ophunzira chotero. Azungu a minda ya khofi, thonje, fodya ndi tiyi ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ankafuna kalaliki mmodzi ndi makasu mazana. Boma linawathandiza ndi msonkho wa nyumba: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira theka la msonkho. Pa minda ikuluikulu panalinso thangata. Mnyamata wodziwa Chingelezi ndi masamu akayang'ana malipiro a kwawo n'kumva za malipiro a ku Salisbury ndi ku Joni, ankamanga kachikwama.

Mmodzi mwa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe ku Nkhata Bay. Anamaliza uphunzitsi ku Livingstonia ali mnyamata, anaphunzitsa pang'ono, kenaka mu 1915 anauyamba wa kummwera. Anagwirapo ukalaliki ku Mozambique ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918. Mu Januwale 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko, ndipo pofika 1927 bungwelo linali ndi mamembala pafupifupi 100,000, likulu lake lili konkuno ku Johannesburg. Palibe bwana amene anapempha amishoni kuti amuphunzitsire munthu wodzatsogolera sitalaka. Kadalie anapatsidwa zinthu zomwe zimayenda ndi mwini wake: kuwerenga, kulemba kalata yomveka, masamu, kuyankhula pagulu. Anazigwiritsa ntchito pomwe iye anafuna. Kamuzu nayenso, mnyamata wochokera ku sukulu ya mishoni ku Kasungu, anakhala kalaliki ndi womasulira pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg asanapite ku America mu 1925.

Atsamunda anaona kuti munthu wophunzira sachedwa kufunsa mafunso. John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, azungu ambiri a minda analoza chala sukulu za mishoni. Mu 1924 kunabwera gulu la Phelps-Stokes kuchokera ku America kudzayendera sukulu, lotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, m'menemo mulinso James Aggrey wa ku Gold Coast. Lipoti lawo linayamikira mishoni ya Dutch ya ku Nkhoma chifukwa chophunzitsa ulimi ndi ntchito zamanja za kumudzi, pomwe Livingstonia linaiona ngati yokweza ana pamwamba kuposa moyo womwe adzakhale. Maganizo amenewa ndi omwe anabala Jeanes Training Centre ku Domasi mu 1929. Sukulu ya sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inadikira mpaka 1940.

Nanga ife amayi tinali kuti? Ku Domasi aphunzitsi ankapita ndi akazi awo. Bambo akuphunzira kuyendera sukulu za m'midzi, mayi akuphunzira ukhondo, kulera ana, kuphika ndi kusoka. Ku Mbombwe, pa mishoni ya Chilembwe, mayi Emma DeLany ochokera ku America ndi mayi Ida Chilembwe anali ataphunzitsa kale amayi kusoka. Sindinyoza singano, ena mwa ife tinakulira pa ndalama ya makina a Singer. Koma tione bwino. Mtsikana sankaphunzitsidwa kuti adzalembedwe ntchito kapena kuti adzayendetse malonda. Bwana wake anali mwamuna wake, ndipo malipiro panalibe. Chomwe chinatithandiza, m'kuona kwanga, ndi magulu a amayi a kumpingo: Mvano, Chigwirizano, Umanyano, ndi anzawo a mipingo ina ndi a kumzikiti. Kumeneko ndi komwe mayi wa kumudzi anayamba kusankhidwa kukhala mlembi kapena msungichuma, kulemba maminitsi ndi kuwerenga zopereka pamaso pa anzake. M'silabasi munalibe zimenezo.

Koma sukulu yaikulu kuposa zonse yomwe inaphunzitsa amuna a kwathu inalibe belu kapena bolodi. Inali mgodi. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo eni migodi anakhazikitsa bungwe lawo lolemba anthu ntchito la WNLA, lomwe tonse timalidziwa kuti Wenela, pambuyo pake Theba. Linayamba kutenga anthu ku Nyasaland mu 1903. Anthu ochokera kumaiko otentha anafa ambiri ndi chibayo m'makomponi ozizira a kuno, moti mu 1913 boma la South Africa linaletsa kulemba anthu a kumpoto. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ngakhale amuna sanasiye kubwera okha wapansi, ulendo womwe ankautcha selufu. Komiti ya Lacey, yomwe boma la Nyasaland linaituma kufufuza nkhaniyi mu 1935, inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri anali atasanduka matchona. Kumudzi otsala ndi khasu, ana ndi denga lodontha anali amayi.

Ngati pali maphunziro omwe anagwirizana ndendende ndi zofuna za bwana, ndi a Wenela. M'zaka za makolo athu, munthu ankapimidwa thupi kwawo, kukwezedwa ndege ku Chileka kapena ku Lilongwe mpaka ku Francistown, kenaka sitima. Akafika ankamuyesa nzeru ndi timasewera tosanja ndi kulumikiza zinthu, kuti aone ngati akhale kapitawo, woyendetsa makina kapena wa fosholo. Opita kumigodi yakuya ankawalowetsa m'chipinda chotentha chodzaza chinyezi, n'kumakwera ndi kutsika pa kasitepe kwa maola angapo, masiku angapo, kuti thupi lizolowere kutentha kwa pansi. Ankawaphunzitsanso Fanakalo, chiyankhulo chongokwanira kumva lamulo ndi kutchula zipangizo. Palibe tsiku lomwe linatayika pa phunziro lomwe bwana salifuna. Ndipo pamwamba panali denga. Malamulo a Mines and Works a 1911 ndi 1926 anasungira azungu ntchito zaluso. Munthu wakuda, ngakhale atatha zaka makumi awiri akubowola mwala, sankaloledwa kukhala ndi satifiketi yophulitsira miyala, ndipo lamulo limenelo linadzasintha mu 1987. Agogo anga aamuna anapita maulendo atatu. Anabwera ndi njinga, wailesi, jekete lolemera ndi chifuwa. Ankadziwa kumva kulira kwa mwala womwe watsala pang'ono kugwa, luso lomwe linapulumutsa miyoyo ya anzawo, koma kumudzi kunalibe munthu woligula.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kuno, oposa kota ya anthu akuda onse ogwira ntchito kumeneko. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo anthu oposa 70 obwerera kwawo ku Malawi anafa. Kamuzu anaimitsa Wenela. M'zaka ziwiri zokha amuna ankhaninkhani anabwerera kumudzi ndi luso la pansi pa nthaka, m'dziko lopanda mgodi wa golide. Ambiri anakathera m'maesiteti a fodya omwe ankakula nthawi imeneyo ku Kasungu, Mchinji ndi kwina, ngati matenanti ndi aganyu. Eni migodi sanalire nthawi yaitali. Mtengo wa golide unali utakwera, choncho anakweza malipiro n'kuyamba kulemba anthu ambiri a ku Transkei ndi ku Lesotho. Theba itabwereranso mu 1977 inkatenga ochepa, ndipo mu 1988 zinatheratu pa mkangano woyeza anthu magazi a HIV. Amuna pafupifupi 13,000 anabwezedwa. Mpaka lero madala a Theba ndi amayi amasiye akuyendabe ndi mapepala m'jumbo kufunafuna ndalama zawo.

Ndikhoteko pang'ono, poti ena mwa inu muli ndi makolo otere. Mu 2019 khoti la konkuno linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira anthu omwe anadwala silicosis ndi TB m'migodi ya golide ya makampani asanu ndi limodzi, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndi lomwe likuyendetsa. Likukhudza omwe anagwira ntchito kuyambira Malichi 1965, ndi mabanja a omwe anamwalira. Musataye khadi la Theba la bambo, ndipo musalipire munthu wodzitcha mkhalapakati. Kulembetsa n'kwaulere.

Anzathu a kuno analawa mankhwala omwewo, owawa kuposa athu. Lamulo la Bantu Education la 1953, lomwe Hendrik Verwoerd analikankha, linakonzedwa poyera kuti mwana wakuda aphunzire zongomuyenereza ntchito za pansi. Ana a ku Soweto omwe anatuluka m'makalasi pa 16 Juni 1976 ankakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, koma pansi pake ankakana sukulu yoyezedwa ndi muyezo wa bwana. Ndikamva munthu wa kuno akudandaula kuti alendo tikulanda ntchito, ndimakumbukira kuti makolo ake ndi makolo anga anadulidwa ndi sizasi imodzi.

Kumudzi, ufulu utabwera mu 1964, boma linayesa kudzipangira amisiri ake. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965, ndipo makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima ndi Mzuzu ankaphunzitsa njerwa, matabwa, magalimoto ndi magetsi. Dongosolo lake linali lanzeru ndithu. Mnyamata ankakhala nthawi ina m'kalasi, nthawi ina pa kampani akuphunzira kwa amisiri, ndipo kawirikawiri kampaniyo inkamulemba akamaliza. Zinkayenda chifukwa ophunzira anali ochepa ndipo makampani ake analipo: Malawi Railways, ESCOM, fakitale ya nsalu ya David Whitehead, minda ya shuga ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Apayoniya nawo ankaphunzitsa ulimi ndi umisiri m'mabesi awo, ngakhale timawakumbukira kwambiri ndi zina, mpaka asilikali anawathetsa mu Disembala 1993. Atsikana ochepa omwe anakhoza JC kapena MSCE njira zawo zinali zitatu, unamwino, uphunzitsi ndi taipi. Otsalawo anali ndi makalasi a zapakhomo a alangizi achitukuko, ndipo kuyambira 1985 CCAM: kusoka, kuluka, kuphika makeke.

Kenaka msika unasintha osatsanzika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 boma linatsata malangizo a World Bank ndi IMF, malonda a kunja anatseguliridwa chitseko, makampani a boma anagulitsidwa kapena kuchepetsa antchito. Kaunjika anadzaza misika, matelala ambiri n'kutsala ndi zigamba ndi mayunifomu a sukulu. David Whitehead, yomwe inkalemba anthu masauzande, inafooka mpaka kugulitsidwa mu 2003. Kompyuta inameza taipi. Ku Zambia zinali chimodzimodzi. Migodi ya kopa ya ZCCM inali ndi sukulu zake zophunzitsa amisiri, ndipo itagulitsidwa cha m'ma 2000 anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Amayi ambiri a m'badwo wa azakhali athu anayamba geni nthawi imeneyo, bambo atabwera kunyumba ndi kalata yowachotsa ntchito. Amene anaphunzitsidwa kuphika makeke a ana anayamba kuwagulitsa pa depoti.

Chaka cha 1994 chinatsegula zitseko ziwiri nthawi imodzi. Kumudzi a Bakili Muluzi anachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ambiri akuphunzirira pansi pa mtengo. Kuno boma la tsankho linagwa, ndipo amayi tinayamba kubwera ku Joni ambiri, patokha, osati kutsatira mwamuna. Kale ntchito za m'nyumba za azungu kuno zinali za amuna a ku Nyasaland, makhukhi ndi osamalira maluwa. Mpaka lero mumaona munthu akulengeza kuti akufuna wantchito wa ku Malawi, ati ndife okhulupirika. Ndi mbiri yabwino, inde, koma nthawi zambiri tanthauzo lake ndi munthu amene sadandaula.

Patangopita zaka zochepa maboma atatu anakhazikitsa malamulo ofanana. South Africa inapanga Skills Development Act mu 1998, ndipo kuyambira 2000 panakhala mabungwe a SETA, lililonse loyang'ana gawo lake la ntchito, omwe lero alipo 21. Zambia inapanga lamulo la TEVETA yake mu 1998, Malawi mu 1999. Nzeru yake ndi imodzi. Olemba ntchito azipereka kandalama molingana ndi malipiro a antchito awo, 1 peresenti kuno ndi ku Malawi, ndipo azikhala nawo pa tebulo pokonza zoti ziphunzitsidwe. Mu 2015 boma la a Peter Mutharika linawonjezera makoleji a ntchito zamanja a m'madera, kuyambira ndi Ngara ku Karonga. Ndaona ana a anzathu omwe anadutsa m'makoleji amenewa, atsikana ena akuwotcherera zitsulo ndi kulumikiza magetsi a sola, ndipo ndimawanyadira. Dongosolo ili likusiyana ndi la Wenela pa chinthu chachikulu: pepala limakhala la wophunzira, osati la kampani, ndipo akhoza kupita nalo kwa bwana wina.

Komabe dengu lake likudontha. Ana oposa 100,000 amalemba MSCE chaka chilichonse, pomwe makoleji a boma a ntchito zamanja amatenga masauzande ochepa chabe. Ndipo chomwe chikutikhudza ife kwambiri n'chakuti zonsezi zinamangidwa pa buku la malipiro. Amene ali ndi kampani yolembetsedwa ndiye amafunsidwa maganizo. Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti ku Malawi anthu 89 mwa 100 aliwonse ogwira ntchito ali pa ntchito zosalembedwa m'buku lotere. Kuno nako ulova uli pamwamba pa 30 peresenti. Ndiye mwana akaphunzitsidwa mogwirizana ndi olemba ntchito, olemba ntchitowo ali kuti? Mayi amene ali ndi tebulo pamsika wa Yeoville, amene amalipira mtsikana womuthandiza, mnyamata wokankha katundu, telala ndi transipota, ndi wolemba ntchito nayenso. Kalata yomuitana ku msonkhano wokonza silabasi siimupeza. TEVETA ili ndi mapologalamu othandiza achinyamata ophunzira kwa amisiri a m'misika, n'zoona, koma ndi kadontho m'chitsime.

Akanatifunsa, tikanawauza zomwe ntchito yathu imafuna. Imafuna munthu wotembenuza randi kukhala kwacha kapena metikali pamutu, basi ili pamzere, komanso wodziwa kuti mtengo wa kubanki ndi wa pamsewu si umodzi. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anagulitsa pa ngongole ndi mitengo yakale anabwera kudzaoda theka la katundu, ndipo ena sanabwerenso. Imafuna munthu wowerengera mtengo weniweni wa bulangete likafika ku Limbe: zoodera ku Fordsburg kapena ku China Mall, transipoti, msonkho, chakudya cha masiku awiri panjira, zong'ambika, ndi tsiku lomwe tebulo linali lotseka. Imafuna wodziwa malamulo a pachipata. Mwachitsanzo, kuyambira 2010 Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ali ndi njira yachidule ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, yomwe imalola katundu wa mtengo wochepa, wopangidwa m'maikomo ndipo wopezeka pa mndandanda womwe anagwirizana, kudutsa ndi fomu yosavuta. Mayi wodutsa pa Mwami ndi Mchinji, pomwe zipata ziwiri zinaphatikizidwa mu Disembala 2022, imamuthandiza. Koma South Africa siili mu COMESA, ndipo katundu woodedwa kuno salowa m'menemo. Ndi angati anakangana ndi akasitomu chifukwa chosadziwa kusiyana kumeneku? Onjezanipo Chizulu cha pamsika, Chishona cha panjira, Chipwitikizi chochepa cha ku Tete, kujambula katundu bwino pa WhatsApp, kutumiza ndalama pa Mukuru kapena Airtel Money, ndi kuzindikira kasitomala amene sadzalipira. Zonsezi tinaziphunzira ndi ndalama zathu. Fizi yake inali katundu wolandidwa ndi ngongole zosabwezedwa.

Ndipo sukulu yathu yeniyeni ya masamu ndi ino. Banki mkhonde inayambira ku Niger mu 1991 mothandizidwa ndi bungwe la CARE, koma inapeza ife tikudziwa kale chipereganyu, monga anzathu a kuno ankadziwira stokvel. Msungichuma amene wagawa masheya ndi chiwongoladzanja cha anthu makumi awiri kumapeto kwa chaka, osasowa ngakhale tambala, pamaso pa amayi omwe aliyense akuwerengera mumtima, amadziwa ntchito yomwe ena amailipirira dipuloma. Kungoti alibe pepala.

Pepala nalo limavutika pachipata ngati ife. Maiko a SADC anagwirizana mu 2011 zokhala ndi muyezo umodzi wa mapepala a maphunziro, koma satifiketi ya ku Malawi kapena ku Zambia ikafika kuno imayenera kupita kaye ku SAQA kuti akaiyeze, ndipo pamakhala ndalama yolipira. Unduna wa Home Affairs uli ndi mndandanda wa maluso omwe dziko lino likusowa, womwe unatuluka mu 2014 n'kusinthidwa mu 2022. Ine ndimauona ngati Wenela wovala tayi: dziko limatchula manja omwe likufuna lero, ndipo mawa mndandanda ukhoza kusintha mwana ali chaka chachiwiri. Pali zina zomwe ogulitsa makosi sanena. Kosi ya ulonda imaoneka yotchipa komanso yachangu, koma lamulo limati wolembetsa ku PSIRA, bungwe loyang'anira alonda, akhale nzika kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhalitsa. Thandizo la fizi la NSFAS ndi la nzika ndi anthu okhala ndi chilolezo chokhalitsa okha, choncho ana athu ambiri NSFAS yawo ndi bokosi lathuli. Ndipo Januwale aliyense unduna wa maphunziro apamwamba umachenjeza za makoleji abodza omwe amatsegula m'nyumba zosanja za m'tauni muno, kutenga fizi, n'kupereka pepala lomwe palibe amalizindikira. Safunsa anadya phula.

Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege ku Lilongwe kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, nkhondo ili mkati. Sindikuwaweruza, njala siidikira. Koma zithunzi zawo ali pamzere ndi zikwama zinandikumbutsa Chileka wa nthawi ya agogo, ndipo funso lomwe palibe analifunsa mu 1974 lidakalipo: akadzabwera, adzagwira chiyani ndi zomwe aphunzirazo?

Choncho pa ndalama za fizi ndili ndi pempho kwa akomiti, kuti aliike pa msonkhano waukulu ukubwerawu. Tisanatulutse ngongole ya koleji, amayi awiri apite ndi mwini mwana kukaona ngati sukuluyo ili m'kaundula wa boma: kuno ku unduna wa maphunziro apamwamba ndi ku QCTO kapena SETA ya ntchitoyo, kumudzi ku TEVETA kapena ku NCHE. Afunse ngati kosiyo ili ndi miyezi yokagwira ntchito pamalo enieni, ndipo ndani amafunira mwana malowo. Afunse komwe kuli ana omwe anamaliza chaka chatha, ndipo ngati n'kotheka aonane ndi mmodzi. Afunsenso ngati lusolo lingadyetse munthu mbali zonse ziwiri za chipata, poti tinaona mu Meyi 2008 ndi mu Epulo 2015 momwe munthu angachokere m'dziko lino ndi zovala za m'thupi zokha. Ine ndimakonda luso lomwe bwana angalilembe ntchito koma lomwenso mwana angatsegule nalo kashedi yekha bwanayo akasowa: magetsi, mapaipi, mafiriji, kuwotcherera, kusamalira odwala, mabuku a ndalama. Ana athu omwe akudziwa kale ntchito popanda pepala tisawayambitsenso pachiyambi. TEVETA ili ndi njira yoyesa munthu pa zomwe anaphunzira ali pantchito n'kumupatsa satifiketi, ndipo kuno mayeso a umisiri amachitika m'malo monga Indlela ku Olifantsfontein. Ndalama ya mayeso ndi yochepa kuposa fizi ya zaka zitatu.

Chomaliza chili m'manja mwathu ndipo sichifuna boma. Mtsikana aliyense amene amayenda ndi mayi ake paulendo kapena kukhala pa tebulo, azipatsidwa mpata wogwira buku la gulu kwa chaka chimodzi pansi pa msungichuma, kuyambira tsiku loponya masheya oyamba mpaka tsiku logawana. Akamaliza, gulu limulembere kalata yokhala ndi chidindo ndi masiginecha a wapampando ndi mlembi, yonena miyezi yomwe wagwira, ndalama zomwe zadutsa m'manja mwake, ndi momwe buku linatsekedwera.